Dzina Limene Ndinapatsa Mng'ono Wanga

Linali Lachitatu, piriyodi yomaliza, nthawi imene ana a Grade 10 amakhala thupi lili m'kalasi koma mtima uli kale pa geti. Tinkawerenga nkhani ya m'Chingerezi yonena za munthu woyenda pachingwe. Mtsikana wina amene amakhala kutsogolo, pafupi ndi zenera, anakweza dzanja.

"Ba ticha, daredevil ni chani?"

Ndaphunzitsa Chingerezi muno mu Lusaka zaka 9, ndipo funso lotere ndimayankha ndisanachotse n'komwe maso pa bolodi. Koma tsiku limenelo choko chinangouma m'manja. Mnyamata wina kumbuyo anandithandiza: "Ni uja wa mu filimu, wovala vofiira!" Kalasi yonse inaseka, belu linalira, ine n'kupumira m'mwamba. Ndinawauza kuti tidzayambira pomwepo mawa.

Sikuti sindinkadziwa. Liwu limeneli ndimalidziwa mopitirira. Ndinaliona litalembedwa ndi penti yofiira pa thanki ya njinga yamoto kwathu ku Mkaika, ndipo amene analipereka kwa mwini njingayo ndine.

Ndiyambe ndi zimene ndikanamuyankha mtsikanayo. Daredevil ndi mawu awiri olumikizidwa. Loyamba ndi dare, kulimba mtima n'kuchita choopsa, kapena kuputa wina dala. Lachiwiri ndi devil, mdyerekezi. Ana ambiri amaganiza kuti tikunena mdyerekezi wolimba mtima, koma ayi, mdyerekezi pamenepa ndiye woputidwa. Liwuli linamangidwa ngati pickpocket, wopisa m'matumba a anthu, kapena scarecrow, choopsezera akhwangwala m'munda: mneni patsogolo, chochitiridwacho pambuyo. Ifenso timamanga mawu chomwecho. Msungichuma amasunga chuma, mlowam'malo amalowa m'malo mwa wina, chiphadzuwa amapha dzuwa ndi kukongola kwake. Titati timupezere dzina lakwathu, tikhoza kumutcha mputamdyerekezi, munthu woti akaona imfa yagona phee pamthunzi, iye amapita kukaitsina khutu.

Mabuku otanthauzira mawu amati dzinali linaoneka m'zolembedwa mu 1794. Ukhoza kulitchula palokha, he is a daredevil, kapena kuliika patsogolo pa dzina lina, a daredevil rider. Mpaka pamenepa ndi zokhozera mayeso. Chimene sichifunsidwa pa mayeso ndi kakomedwe ka liwuli m'kamwa. Chingerezi chili ndi mawu ena a munthu wotere. Pali foolhardy, wolimba mtima mopusa. Pali hothead, wamutu wotentha, wosachedwa kupsa mtima. Pali reckless, lochokera ku mneni wakale reck, kusamala, ndi less, kupanda: wopanda kusamala. Onsewa amaluma. Munthu ukamutcha reckless amakwiya. Koma ukamutcha daredevil amatukula mapewa, chifukwa liwuli limadzudzula likumwetulira.

Kumwetulira kumeneku kunachokera kwa anthu a zionetsero. Pa 30 June 1859, Mfalansa wina dzina lake Charles Blondin anawoloka phompho la Niagara akuyenda pachingwe chotalika mamita oposa 300, madzi akuwinduka pansi pake. Ku America kunali Evel Knievel, wolumpha ndi njinga yamoto, amene pa 31 December 1967 anayesa kulumpha akasupe a hotela ya Caesars Palace ku Las Vegas n'kugwa mochititsa nthumanzi, koma atachira anakweranso. Uja wovala zofiira amene mwana wanga wa sukulu ankanena anayamba mu 1964 m'timabuku ta zithunzi ta Marvel, loya wakhungu amene usiku amamenyana ndi zigawenga. Ndiye mwana wa mu komboni akamva liwuli, amamva m'manja mukuombedwa.

Chichewa chathu chilibe liwu loima pakati chotere. Mbali ino tili ndi wolimba mtima, wosaopa, ngwazi. Mbali inayo tili ndi wosasamala, waphuma, wosamva, nkhutukumve. Ukafuna kunena za mnyamata woimirira pa chishalo njinga ikuthamanga, chilankhulo chimakukakamiza kusankha: ukumutama kapena ukumudzudzula? Ndili ku yunivesite ndinkaona ngati kumeneku n'kuperewera kwa chilankhulo chathu. Lero sindiganizanso choncho.

Ine ndi mng'ono wanga timasiyana zaka 11. Sukulu anailekera Grade 9, n'kukhala pamudzi kumalima soya, nshawa ndi mpendadzuwa ndi amayi. Chaka chilichonse mitengo ikagwa ankandiimbira foni, mawu ake akumveka ngati a nkhalamba. Ndiye ndinatenga ngongole, ija amadula pa malipiro ndalama zisanafike m'manja, n'kumugulira njinga yamoto. Amene mumadziwa Katete mukudziwa kuti njinga zimenezi ndizo mabasi a kumidzi. Zimanyamula wodwala kupita naye ku St Francis, mayi ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo, mphunzitsi kupita ku boma kukatenga malipiro, wamalonda kupita ku Sinda kapena kumsewu wa Chanida. Miyezi yoyamba mng'ono wanga anagulira amayi malata 6. Ndinkadziona ngati munthu wanzeru.

Kwa okwera njinga, sabata ya Kulamba ndiyo nyengo yokolola. Loweruka lomaliza la August mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kudzalamba Kalonga Gawa Undi, kupereka mphatso ndi kufotokoza mmene anthu awo akukhalira. Mwambowu atsamunda anauletsa mu 1934, ndipo unayambiranso mu 1984. Masiku amenewo mudzi wathu sugona. Fumbi limakwera mpaka kuphimba dzuwa, paliponse pali misasa ya udzu, nyama yootcha, mowa, zitenje, ng'oma usiku wonse, ndipo aliyense akufuna kunyamulidwa.

Lachisanu madzulo a chaka chimenecho anyamata a njinga anasonkhana pabwalo la mpira kumaonetsana luso. Wina ankayenda ndi tayala limodzi, wina ankazungulira pamodzimodzi mpaka kukumba nthaka. Kenako anabwera mng'ono wanga. Anayambira kugolo ya uko, anakweza mwendo umodzi pa chishalo, kenako winawo, n'kuimirira, manja atatambasula ngati kabawi. Ana anakuwa. Atsikana anaimba nthungululu. Ine ndinali nditamwa mabotolo awiri, foni ili m'mwamba ndikujambula, ndipo ndinakuwa kuposa onse: "Daredevil! Daredevil!"

Atatsika anabwera kwa ine akupuma wefuwefu, mano onse ali pamtunda.

"Akulu, mumati chiyani paja?"

"Daredevil."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Munthu wosaopa chilichonse."

Ndinamupatsa theka la tanthauzo, theka lokoma. Kanemayo ndinamuika pa Facebook usiku womwewo. Pofika Khrisimasi dzinalo linali pa thanki, zilembo zazikulu zofiira, ndipo pa siteji anzake anali atasiya kumutchula dzina la ubatizo.

Amayi sawerenga Chingerezi, koma amadziwa kuti cholembedwa chili ndi mwini wake. Tsiku lina tikusenda nshawa pakhonde anandifunsa kuti zilembo zija zikuti chiyani. Ndinawamasulira zonse, ndikuseka, mpaka za mdyerekezi zomwe. Iwo sanaseke. Anaika lichero pansi.

"Aphunzitsi," anatero, ndipo akanditchula choncho ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino, "sukulu yonse ija munaphunzira, dzina limene mwapezera mng'ono wanu ndi loputa Satana?"

"Amayi, ndi mawu chabe. Azungu amangonena mocheza."

"Azunguwo akachita ngozi amawanyamula ndani?"

Ndinaziona ngati zikhulupiriro za amayi a chigwirizano. Mpaka lero sindikhulupirira kuti mdyerekezi anawerenga thanki ija n'kukwiya. Koma amayi ankadziwa chinthu chimene ine wa digiri sindinkachidziwa: dzina limafuna kudyetsedwa. Mnyamata wa zaka 22 amene alibe satifiketi, alibe munda wakewake, alibe china chomutchukitsa, ukamupatsa dzina lotere amaliweta ngati ng'ombe. Anzake akadutsa pamchenga mosamala, iye ayenera kudutsa mothamanga, chifukwa ndiye Daredevil. Helimeti ikakhala kumutu dzina limachepa, ndiye inkakhala yomangirira pa handulo.

Kulamba ya chaka chotsatira ndinabweranso. Masana a Loweruka ndinali m'chikhamu kuonera Gule Wamkulu. Anadutsa makanja, aatali kuposa denga, akuponda mosamala ngati adokowe. Kenako kunabwera gule uja amakwera pamwamba pa mlongoti wautali n'kumavina pamenepo, anthu pansi mitima ili m'mwamba. Mlendo wina wachizungu pafupi nane anali pakamwa yasa. Ndinamva foni ikunjenjemera m'thumba, koma ndinaileka. Itanjenjemera kachitatu ndinayankha, ndipo chifukwa cha ng'oma ndinangomvapo mawu awiri: njinga, chipatala.

Nkhani yonse ndinaimva pambuyo pake. Anali atanyamula mayi wina wa mudzi woyandikana nafe, amene anagulitsa zitumbuwa ndi thobwa kuyambira m'mawa ndipo ankabwerera kwawo ndi beseni lopanda kanthu. Patsogolo pawo panali lole yodzaza anthu, ikufukiza fumbi. Mng'ono wanga ankafuna akamusiye msanga kuti abwerere kudzatenga ena. Analowa m'fumbimo kuti apitirire lole, osaona kutsogolo. M'fumbimo munali ngolo ya ng'ombe.

Iye anathyoka mwendo pawiri. Mayiyo anathyoka fupa la m'chiuno ndipo anang'ambika pamutu. Onse ali moyo, ndipo chifukwa cha chimenecho ndimathokoza Mulungu ndi manja a anthu amene anawasoka usiku umenewo. Koma chimene sichichoka m'maso mwanga si magazi. Ndi kamtsikana ka mayiyo, ka zaka ngati 10, katakhala pabenchi panja pa wodi, katafungatira beseni lophwanyika lija chifukwa wina anakapatsa kuti kasunge. Pabenchi pomwepo panali ine, nsapato zanga za mu Lusaka zili mbuu ndi fumbi. Palibe amene anandifunsa tanthauzo la daredevil. Wapolisi amene anabwera kudzalemba nkhaniyi analibe nalo ntchito liwu limeneli, chifukwa m'malamulo a pamsewu a dziko lino, Road Traffic Act ya 2002, mulibemo. Mmenemo muli reckless.

Za boma zitatha, nkhani inapita kwa anyakwawa, monga mwa mwambo wathu. Ife tinakhala mbali ino, atsibweni athu patsogolo chifukwa ndiwo eni mbumba. Mbali inayo kunali abale a mayi uja. Atsibweni anapepesa ndi mawu onse amene munthu angapepesere, anati ndi mwana, anati ngozi siona nkhope. Mlongo wake wa mayiyo, bambo wamfupi wosalankhula zambiri, anadikira mpaka onse atamaliza.

"Mwamva inu mafumu, akuti mwanayu saopa. Zikomo. Ife sitikukana kuti saopa. Koma mlongo wangayu amaopa. Analipira K30 kuti akafike kunyumba akaphikire ana. Sanalipire kuti amuonetse kulimba mtima. Munthu akafuna kusewera ndi imfa, azipita yekha."

Pabwalo panangoti zii. Mabuku onse amene ndinawerenga sanandipatsepo tanthauzo lomveka ngati limenelo. Tinalipira ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene amayi ankalimira, ndi mbuzi 3, ndipo tinavomera kumulimira munda mayiyo nyengo ziwiri. Iye lero amayenda ndi ndodo. Thobwa anasiya, chifukwa sangathe kusenza chigubu.

Nditabwerera ku Lusaka ndinawerenganso za anthu a zionetsero aja, mwina pofuna kudzitonthoza. Ndinapeza zimene ndinkazilumpha kale. Blondin anayamba kuphunzira kuyenda pachingwe ali kamwana, ndipo pofika ku Niagara anali atachita zimenezi zaka zoposa 20. Anamwalira mu 1897 kunyumba kwake ku London ali ndi zaka 72, osati pansi pa phompho. Tsiku lina anawoloka atabereka munthu kumsana, Harry Colcord, amene ankamuyendetsera malonda. Koma Colcord anakwera kumsanako akuliona phompholo ndi maso ake, atavomera yekha. Sanauzidwe kuti akupita kunyumba. Evel Knievel, ndi misala yake yonse, ankavala helimeti ndipo ankalimbikitsa ena kuivala. Ngakhale ku Livingstone kwathu konkuno, alendo amene amalumpha pa mlatho wa Victoria Falls, mamita 111 kupita pansi, amakhala atamangidwa chingwe kumiyendo ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Amene amasambira pa Devil's Pool, m'mphepete penipeni mwa mathithi, amapita nyengo imene madzi achepa, ali ndi wowatsogolera. Olemera amagula mantha ali ndi chingwe. Ife osauka timawatola aulere, opanda chingwe, titanyamula mayi wa eni kumbuyo.

Ndinakumbukiranso gule wa pa mlongoti uja. Za kudambwe sizikambidwa pa intaneti, ndipo ine sindiyamba lero. Ndingonena zimene aliyense woonera amaona. Mlongoti uja sungodzukapo. Amuna amayamba akumba, kuuzika, kutsendera dothi, kuugwedeza kuti aone ngati walimba. Ng'oma ili ndi malamulo ake, ndipo pansi pamakhala anthu amene maso awo sachoka pamwambapo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Mlendo akaona angati daredevil, koma pamenepo palibe phuma. Pali mwambo, ndipo woonera saikidwa pachiswe.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze anyamata a njinga, kapena angwangwazi olendewera pachitseko cha minibasi ikuthamanga pa Great East Road, kapena ana okakamira kumbuyo kwa lole mu komboni. Ndikudziwa chimene chimawathamangitsa. Wa njinga ya bwana ayenera kupereka ndalama ya tsikulo madzulo, mvula igwe isagwe, ndipo ulendo umodzi woonjezera ndiwo ndiwo za usiku umenewo. Ndikudziwanso kuti mnyamata amene sanaitanidwepo kutsogolo kukalandira mphoto amamva kukoma anthu akamukuwira. Kulimba mtima kwawo ndi kwenikweni, ndipo tsiku lina kumapulumutsa mayi wapakati usiku wa mvula pamene galimoto yakana msewu. Koma bungwe la World Health Organization limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Msinkhu umenewo ndi wa ana a m'kalasi mwanga, ndi wa mng'ono wanga, ndi wa ambiri a inu amene mukuwerenga pa foni. Ena mwa akufawo sanali pa handulo. Anali kumbuyo, atafungatira beseni.

N'chifukwa chake ndinasiya kuchiona Chichewa ngati choperewera. Chingerezi chinandipatsa liwu loti ndibisalemo, loti nditame ndi kudzudzula nthawi imodzi popanda kuyankhapo mlandu. Pabwalo la mpira paja ndikanakhala kuti ndinakuwa m'chilankhulo cha amayi, ndikanayenera kusankha. Ndikanati "Ngwazi!" ndikanadzimva ndekha kuti ndikunama, chifukwa ngwazi imaika moyo pachiswe pofuna kupulumutsa ena. Ndikanati "Wosamva iwe, tsika!" ndikanakhala mkulu wake. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma sanatiuze za amene anaima pambali n'kumaombera m'manja.

Lachinayi m'mawa ndinalowa m'kalasi muja n'kulemba mawu awiri pa bolodi, daredevil kumanzere, reckless kumanja. Ndinawafotokozera za dare ndi devil, za reck ndi less, za Blondin ndi chingwe chake. Ndinawauza kuti apange ziganizo, ndipo anapanga zabwino. Za Mkaika sindinawauze. Nditatsala pang'ono kufufuta, mtsikana uja anakwezanso dzanja.

"Manje ba ticha, ngati munthu akuitana daredevil, akutamanda olo akunyoza?"

"Uyambe wayang'ana kumbuyo kwako," ndinatero. "Ngati uli wekha, unaphunzira, ndipo wavala zodzitetezera, mwina akukutama. Ngati kumbuyo kuli munthu amene akungofuna kukafika kwawo, liwu lako ndi ili la kumanjali."

Analemba m'kope mwake, n'kufunsa ngati zidzabwera pa mayeso.

Mng'ono wanga masiku ano amakonza njinga za anzake pansi pa mtengo pa boma la Katete. Amatsimphina pang'ono, ndipo kukazizira mwendo umamuwawa. Ena amamutchulabe dzina lija, iye sayankha. Sanandinenepo kuti ndine ndinalakwa, ndipo ine sindinapezebe poyambira kumupepesa. Njinga ili kuseri kwa nkhokwe ya amayi, nkhuku zimaikira pansi pake, pomwe ngongole yake ikudulidwabe pa malipiro anga mwezi ndi mwezi. Kanema uja ndinamuchotsa pa Facebook, koma mu foni alimobe. Nthawi zina usiku ndikamaliza kuchonga makope ndimamutsegula. Mng'ono wanga amaoneka bwino kwambiri mmenemo, manja ali tambasu, dzuwa likulowa kuseri kwake. Mawu amene amamveka pamwamba pa onse, pafupi penipeni ndi foni, ndi anga.